Theka Linalo la Zitenje za ku Doko

Nyanja yamchere sindinaionepo, ndipo pamsinkhu ndafikapa sindikuyembekezanso kuti ndidzaiona. Komabe panali zaka zingapo zimene mumzere wonse wa nyumba zathu ku Kabushi, mu Ndola, munalibe mkazi woidziwa kuposa ine. Amuna anga ndiwo ankapita kumeneko, ndipo akabwera ankafotokozera ine ndekha. Nsanje ndinabadwa nayo, izi sindibisa. Chimene ndinkachitchinjiriza kwambiri m'banja langa chinali chakuti zonse zimene abwera nazo kuchokera ku doko, za m'manja ndi za m'kamwa zomwe, zizifikira kwa ine.

Tonse awiri tinachokera ku Katete. Iwo anayamba ndi ntchito yapansi pa mgodi, kenako anaphunzira kuyendetsa galimoto. Masiku amenewo mkuwa wathu unkakwera sitima yapamtunda kulowera kum'mwera mpaka ku doko la Beira, ndipo palibe wa ife amene ankalabadira kuti ukupita kuti. Dziko litangolandira ufulu, azungu a kum'mwera kumene njanji inkadutsa anakangana ndi boma lathu, njira ija n'kuyamba kuvuta. Petulo anasowa. Mkuwa unkagulidwa bwino kunja, koma unali wounjikana kuno wopanda potulukira. Ndiye panabwera malole ambirimbiri oti aziunyamula kulowera kumpoto, ku doko la Dar es Salaam, ndipo pobwerera azitenga migolo ya petulo ndi dizilo. Amuna anga analembedwa ntchito imeneyo.

Msewu wake unali woipa. M'chilimwe fumbi, m'dzinja matope ofika m'mawondo, ndipo amuna ambiri anathera m'maphompho a kumeneko. Lole lililonse linali ndi madalaivala awiri osinthana chiwongolero. Mnzawo wa amuna anga ndinamuona kamodzi kokha, bambo wamtali wosalankhulalankhula, wa kwathu komwe kum'mawa, amene ankakhala ku Kitwe kumene ankapakirako mkuwa. Iye anali wa Mboni za Yehova, ife Akatolika, kotero sitinkakumana ku mapemphero kapena ku mowa. Ngati anali ndi mkazi, ine sindinafunse. Za akazi a anthu ena zinalibe nane ntchito bola ali kutali ndi amuna anga.

Ulendo umodzi unkatenga milungu iwiri, nthawi zina itatu. Tsiku lofika ankangosamba, kudya ndi kugona. Nkhani zinkayamba m'mawa mwake, ine ndikuchapa ovolosi yawo kuseri kwa nyumba, iwo atakhala pa chitini chovundikira ndi kapu ya tiyi. Sanali munthu wa nkhani. Pagulu ankangoseka za anzawo basi. Koma kuseri kuja pakamwa pawo pankatseguka, ndipo ine ndinkachapa pang'onopang'ono dala kuti ovolosi isathe msanga.

Ankati dokolo lili ndi mbali ziwiri. Mbali ina kuli sitima zikuluzikulu zachitsulo, za mbendera zamitundumitundu, zina zitaima patali kudikira kuti zinzake zichoke. Makina ataliatali ankanyamula mitolo ya mkuwa wathu m'mwamba n'kuitsitsira m'mimba mwa sitima, ndipo iwo ankaimirira kuonerera mpaka mtolo womaliza wa m'lole lawo utalowa. Mbali inayo kuli zombo zamatabwa za thanga limodzi, zopanda injini, zoyenda ndi mphepo yokha. Zimenezi ndiye ankazikonda. Panali nkhalamba ina yogulitsa khofi m'timakapu ting'onoting'ono imene inawafotokozera kuti mphepo ya kumeneko imaomba mbali imodzi kwa miyezi, n'kubweretsa zombo kuchokera kwa Aluya ndi ku India zitadzaza zipatso zotsekemera zouma, mchere, nsomba zouma ndi mikeka. Eni ake amakhala padoko kudikira mpaka mphepo itatembenuka, ndiye amapakira mitengo yomangira nyumba n'kubwerera kwawo. Akuti zakhala zikuyenda choncho kuyambira makolo a makolo awo.

Tsiku lina anandiuza kuti nkhalamba ija itamva kumene achokera inati, anthu a kwanu si alendo kugombe kuno. Kale ankabwera wapansi ndi minyanga ya njovu paphewa, ena ndi mkuwa womwewu, ndipo ena anabwera atamangidwa m'khosi, osadzabwereranso. Atanena zimenezo anaiwala tiyi wawo mpaka anazizira m'kapu. Ndinawayang'ana ndipo ndinadzimva kuti ndine mkazi wamwayi, chifukwa nkhope imeneyo palibe wina aliyense ankaiona.

Madzulo ake ndinkapita nazo nkhanizo ku pompi kumene tinkatunga madzi, nditathiramo kamchere. Sitima zanga zinkakula kuposa zawo. Akazi a anthu apamgodi, amene amuna awo ankalandira ndalama zambiri kuposa anga, ankangomvetsera ndowa zikusefukira.

Ndiye panali zitenje. Ulendo uliwonse umene ayenda bwino ankanditengera chimodzi. Sizinali ngati za m'masitolo a Amwenye mu Ndola. Zinali zopepuka, zokhala ndi mkombero wamaluwa mbali zonse zinayi ndi mawu a Chiswahili cham'munsi, amene sindinkawatha kuwerenga komanso sindinkawalabadira. Mbali imodzi yaifupi inkakhala yopenderedwa pamanja ndi ulusi wobiriwira, timisoko tating'ono tolingana bwinobwino. Ndinkaganiza kuti ndi mmene amagulitsira kugombeko. Zitakwana zisanu ndinayamba kuyenda monyang'wa, ndipo ku Misa ndinkafika mochedwa pang'ono kuti ndidutse pakati pa anthu atakhala kale.

Amene ananditsina khutu sanachite mwadala. Anali mayi wina wochokera ku Tanzania, wa aja tinkawatcha Amwachusa, amene ankagulitsa nthochi pamsika wa Masala. Ndikugula, anagwira nsonga ya chitenje changa chofiira n'kuisisita ndi zala.

"Chisuma sana ichi, mama, chokongola zedi. Kwathu timati kanga. Manje chinzake munasiya kunyumba?"

"Chinzake chiti?"

"Izi sagulitsa chimodzi. Zimakhala ziwiri zolumikizana, zofanana. Ukagula umadula pakati wekha, china m'chiuno, china kumutu kapena pamapewa. Onani apa, ndi pamene anadula, ndiye wina anapendera. Ali ndi dzanja labwino amene anasoka."

Nthochi ndinazilipira koma ndinaziiwala pomwepo. Nditafika kunyumba ndinatulutsa zitenje zonse zisanu n'kuziyala pabedi. Chilichonse chinali ndi mbali yodulidwa, chilichonse ndi ulusi wobiriwira womwewo, dzanja lomwelo. Ndiye kuti kwinakwake kunali mkazi wokhala ndi zisanu zofanana ndi zanga. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti mkaziyo ndiye ankayamba kuzigwira. Ankadula, kusankha lake theka, kupendera langa, ine n'kumalandira zotsala ndi manja awiri nditagwada.

Munthu wanzeru akanafunsa. Ine sindinafunse, chifukwa ndinkati ndikafunsa andinamiza, ndipo ndikanamizidwa kamodzi sindidzadziwanso zoona. Ndinkafuna kugwira ndekha. Atabwera ulendo wotsatira ndinachapa ovolosi monga mwa masiku onse, iwo akufotokoza za sitima ina imene inabwera ndi mathirakitala, koma ine m'mutu munali funso limodzi lokha, loti kodi nkhani imeneyi ndikuimva woyamba kapena wachiwiri. Ndinapisa m'matumba onse. Ndinanunkhiza malaya. Sindinapeze kanthu, ndipo kusapezako kunangondiuza kuti mkaziyo ndi wochenjera.

Kwa miyezi itatu sindinkayang'ananso anthu kumaso. Maso anga ankakhala m'ziuno za akazi. Pamsika, kuchipatala, pokwerera basi, paliponse. Ndinatsatira mayi wina kuchokera ku Masala mpaka ku Chifubu chifukwa cha chitenje chofiira, n'kukapeza kuti maluwa ake ndi ena. Ndinaonda. Anansi ankati mwina ndili ndi pakati.

Ndinamupeza pamaliro ku Kitwe. Kunamwalira bambo wina wa kwathu amene anagwira ntchito pamgodi zaka zambiri, ndipo anthu onse a kum'mawa tinasonkhana, mipingo yonse. Ndinali nditavala nsalu yakuda wamba. Tikuchokera kumanda ndinaona patsogolo panga chitenje changa chachikasu, cha masamba akuda, chikuyenda m'chiuno mwa munthu wina. Ndinafulumira mpaka ndinafika kumbuyo kwake kwenikweni, ndipo ulusi wobiriwira uja ndinauona ndi maso angawa. Anali mkazi wamng'ono kwa ine, wathupi bwino, wa kanzeru pakati pa mano. Ndinafunsa mayi amene ndinayandikana naye kuti kodi uyo amakhala kuti, ndipo anandiuza kuti ku Bulangililo, mu Kitwe momwemo, nyumba zatsopano zija, ya pakona yokhala ndi mtengo wa papaya. Sindinafunse kuti ndi mkazi wa yani. Ndinkaona ngati ndikudziwa kale.

Ndinadikira mpaka amuna anga atabwera ku ulendo, chifukwa ndinkafuna kuti nkhani ikaphulika akhale pafupi. Tsiku lachitatu m'mawa ndinawauza kuti ndikukaona azakhali anga ku Kitwe. Ndinavala chitenje chofiira chija, ndipo pansonga pake ndinamangapo lezala latsopano.

M'basi ndinkakonza mawu oti ndikanene, koma nditafika sanagwire ntchito. Panja panalibe munthu. Pawaya woyanikira zovala panali matewera a mwana, malaya aamuna awiri, ndi zitenje zitatu: chachikasu, chabuluu, ndi chofiira chofanana ndi chimene ndinavala. Malaya aamunawo ndinawaona ndithu, ndipo anali aatali kuposa a amuna anga, koma mutu unali utaima. Ndinamasula lezala. Nsalu yonyowa siivuta kung'amba. Ndinkangocheka pang'ono pamwamba n'kukoka ndi manja mpaka pansi, ndipo zonse zitatu ndinazisandutsa zingwe.

Ndikupuma, mkazi uja anatulukira kuseri kwa nyumba ndi beseni pamutu. Choyamba kuona chinali chitenje changa. Nkhope yake yonse inawala. Anatula beseni, n'kupukuta manja, n'kubwera akuwomba m'manja mwaulemu.

"Ndakudziwani ndi chitenje, amayi. Ndinu a ku Ndola, akazi a anzawo a bambo a kuno. Ndakhala ndikuwauza kuti tsiku lina andiperekeze ndikakuoneni. Mpendero uja sunamasuke? Ndimasoka mothamanga, chifukwa amuna anu amakhala akufulumira kuti akakupezeni."

Kenako anayang'ana pawaya.

Sanakuwe. Anangoyang'ana zingwe zija, n'kuyang'ana lezala m'dzanja langa, n'kubwerera pang'ono kukaima pakati pa ine ndi khomo, chifukwa mwana wake anali m'nyumbamo. Anaitana amuna ake motsitsa mawu. Amene anatuluka anali bambo wamtali uja, mnzawo wa amuna anga, atavala vesiti, tulo tili m'maso.

Iyeyo ndiye anandifotokozera, ataimirira pakhomo pake, mosakweza mawu. Ndalama ya kumeneko imene ankapatsidwa ya chakudya panjira inali yochepa. Ndiye anagwirizana kuti azidya mopanikiza, zotsalazo aziphatikiza n'kugula nsalu imodzi ya ziwiri. Akafika ku Kitwe kukatsitsa migolo, mkazi wakeyo ankadula ndi kupendera zonse ziwiri amuna anga akusamba m'manja, chifukwa amuna anga ankati sangakapereke kwa mkazi wawo nsalu yosapendera m'mphepete.

"Madalaivala ambiri timachita choncho, mlamu," anatero. "Tinkayesa mukudziwa."

Anansi anali atayamba kusuzumira m'mipanda. Wina anafunsa m'Chibemba kuti ninshi, kwachitika chiyani, wina n'kumuyankha, ndipo ndinamva kuseka. Ndinasowa pogwira. Mkazi uja, m'malo monditukwana, analowa m'nyumba n'kunditengera madzi akumwa ndi mpando. Madziwo ndinamwa. Mpaka lero ndikaganiza za kapu imeneyo ndimapsa mtima, chifukwa akanandimenya mbama tikanalingana.

Nkhani inafika ku Ndola ine ndisanafike bwino, poti madalaivala alibe chinsinsi. Amuna anga sanandikalipire. Anandifunsa funso limodzi lokha, kuti mwakhala mukundiganizira zimenezi kwa nthawi yaitali bwanji. Nditati miyezi itatu, anawerenga ndi zala maulendo amene anayenda m'miyezi imeneyo.

"Ndiye kuti nthawi yonse ija ndinkakuuzani za kunyanja, inu munkandifufuza," anatero.

Sindinakane, chifukwa zinali zoona.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi Lamlungu lotsatira. Anagamula kuti ndikapepese ndi nkhuku, ndiponso ndibweze zitenje zitatu zofanana ndi zimene ndinawononga. Zofanana nazo zinalipo kumodzi kokha, m'bokosi langa. Ndinazinyamula ndekha kupita nazo ku Bulangililo, ankhoswe ali pambuyo. Mkazi uja anayamba wakana, akuti zapita zapita, koma akuluakulu anamuuza kuti alandire. Kuyambira pamenepo ndikapita kumaliro ndinkakumana ndi zitenje zanga zenizeni m'chiuno mwake, ndipo ankandipatsa moni wa nsangala, kundifunsa za ana mmodzimmodzi.

Ukwati sunathe. Anthu ankandiuza kuti ndili ndi mwamuna wabwino, wina akanandipitikitsa, ndipo ndinkavomereza. Ubwenzi wa madalaivala awiriwo sunathenso, mwina unachita kulimba. Chimene chinasintha chinali chaching'ono, chosati n'kukadandaula kwa ankhoswe. Kale akatsitsa katundu ku Kitwe ankathamangira basi ya ku Ndola ali ndi fumbi lomwe. Tsopano ankayamba asamba ndi kudya kwa mnzawo, n'kufika kwathu dzuwa litapendeka, atavala zoyera. M'mawa mwake ndinkaika chitini chija kuseri, tiyi n'kuwapatsa. Ankakhala, kumwa, n'kufunsa za sukulu ya ana ndi za denga lodontha.

"Nanga kunyanja kunali bwanji?"

"Kunali bwino chabe."

"Zombo zija zinabwera?"

"Zinalipo."

Ndinayesa njira zonse. Ndinanyengerera, ndinakwiya, ndinafunsa mafunso opusa dala kuti andikonze. Ankandiyankha mwaulemu, mawu awiri kapena atatu. Sindikhulupirira kuti ankandilanga. Ndikuganiza kuti akatsegula pakamwa ankakumbukira nkhope imene ndinkawamvetsera nayo miyezi itatu ija, mawu n'kubwerera okha.

Zitenje sanasiye kubweretsa. Tsopano ankabweretsa zonse ziwiri, zosadula, zili m'pepala la kusitolo, n'kuziika pabedi. Ndinkadziwa kuti kuti agule okha ndiye kuti agona ndi njala masiku angapo panjira. Kuzidula sindinathe, kuzivala zosadula sizivalika. Zinangodzaza bokosi. Ku pompi ndinkabwereza nkhani zakale zomwe zija mpaka akazi anayamba kumalizitsa okha ziganizo zanga, ndiye ndinasiya.

Patapita zaka anamanga njanji yopita ku doko lomwelo, ntchito ya malole n'kuchepa. Amuna anga anayamba kuyendetsa galimoto ya buledi mu Ndola momwemo. Mkuwa unagwa mtengo, ana anakula, tinasamukira ku Lubuto. Tinakhala bwino, osamenyana, osatukwanana. Anamwalira ndi matenda a shuga ali ndi imvi mutu wonse.

Pamaliro awo, banja la ku Bulangililo ndilo linafika loyambirira. Mkazi uja, naye atakalamba, analowa m'nyumba n'kudzakhala pamphasa pafupi ndi ine monga amachitira munthu wapafupi. M'mawa wa tsiku loika, tikudikira bokosi, anafuna kundipepuza mtima. Anandigwira paphewa n'kuyamba kuseka pang'ono.

"Ine ndikawakumbukira alamu anga, ndimakumbukira za chombo chija. Mmene ankafotokozera, ife misozi mbwee ndi kuseka."

Ndinangoti, "Ee."

Anapitiriza, akuyesa akundikumbutsa zimene ndikuzidziwa. Akuti ulendo wina lole linawonongeka ali padoko, ndipo anadikira chitsulo chake masiku asanu. Nkhalamba ya khofi ija inawapezera malo m'chombo chamatabwa chopita ku chilumba china chapafupi. Mnzawo anakana, koma amuna anga anakwera. Anavula nsapato, anathandiza kukoka chingwe cha thanga, ndipo mtunda utazimiririka anayamba kuimba nyimbo ya kwathu ku Katete, eni chombo n'kumavomereza osadziwa mawu ake. Kenako mafunde anakula, iwo n'kugwira mtengo wapakati ndi manja onse awiri, kuitana oyera mtima onse mmodzimmodzi. Amayi ena awiri a ku Bulangililo amene anakhala kukhoma anayamba kugwedeza mitu akumwetulira. Mmodzi anati, ndi paja anataya chipewa. Onse ankaidziwa.

Amuna anga anakwerapo chombo. Anayenda panyanja, anaimba, anachita mantha, ndipo anabwera kudzakhala pa chitini kuseri kwa nyumba yanga n'kundiuza kuti kunali bwino chabe.

Ndinalira kwambiri, kuposa mmene ndinalirira tsiku limene anatsirizika, ndipo amayi a m'nyumbamo anayamba nyimbo kuti andithandize. Ankayesa ndi chisoni cha namfedwa. Inali nsanje, yomweyo ya kale, yosakalamba ngakhale pang'ono. Dzanja la mkazi uja linali likadali paphewa langa ndipo ndinkafuna kulikankha. Sindinalikankhe, chifukwa mwa anthu onse amoyo amene ndikanatha kuwafunsa, iye ndiye anaimva bwino nkhaniyo kuchokera pakamwa pawo. Nyimbo itatha ndinapukuta m'maso, n'kusendera kufupi ndi khutu lake kuti ena asamve.

"Ndiuzeni, amayi," ndinatero. "Kuchilumbako anakafika?"